Sitandade Folo Inali ndi Voti Imodzi

Kwa Mposa, m'munsi mwa phiri la Chikala, mukafunsa za Enock Nampeya anthu amayamba aseka kaye asanakuyankheni. Akatha kuseka m'pamene amakuuzani kuti ameneyo ndi bambo uja analowa sukulu ali ndi ana atatu kale, n'kumakhala pabenchi limodzi ndi anyamata omwe ndevu zinali zisanaganize n'komwe zomera.

Makolo ake anachokera kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, m'dziko la Apwitikizi, katundu ali pamutu, mbewu ya nandolo ili m'kansalu. Enock atasinkhuka anapita ku Balaka kukasenza mabelo a thonje pa siteshoni ya sitima. Anasenza zaka zisanu ndi ziwiri. Mabelowo ankalembedwa zilembo zakuda zomwe iye sankazidziwa, ndipo zinkamuwawa mtima kuti belo likudziwa kumene likupita koma wolinyamula sakudziwa.

Atabwerera kumudzi anakwatira Judith n'kulowa chikamwini. Apongozi ake, a Anastasia, sanali munthu woipa, koma pogawa minda anakumbukira kuti mkamwini ndi mlendo. Anamulozera kamunda ka pamtsetse, kamiyala, komwe mvula ikagwa inkakokolola dothi n'kukalitula m'dimba la anthu ena kumunsi.

Zinali zaka za malimidwe, lamulo la boma la atsamunda loti aliyense asiye kulima matutu, aziunga mizere yopingasa. Wokana ankalipitsidwa kapena kutsekeredwa. Enock anakana monga ankakanira aliyense, ndipo anakagona m'ndende masabata awiri. Atatuluka anaunga mizereyo mokwiya, khasu likuchita kulira, kuti kapitawo wa malimidwe adzaone yekha kuti n'zopanda pake. Koma mvula itagwa, madzi anaima pakati pa mizere ndipo dothi silinasunthe. Chaka chimenecho nkhokwe inadzaza, mwini wake n'kumachita manyazi ngati waba. Chaka chachitatu anamanga nkhokwe yachiwiri.

Munthu akakhuta amakumbuka zakale. Enock anakumbukira mabelo aja, ndipo anapita kwa a Blasius, mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni, kukapempha malo. Ana anamutcha Atsibweni. Ankalima mbandakucha, kusamba, kutenga sileti, ulendo wa kusukulu. Samu zinkamuvuta ndithu, moti pofika mu Sitandade Folo mwana wake woyamba, Matilda, anali atamupeza. Matilda akakhoza samu yomwe bambo ake alakwa, ankaphimba sileti ndi dzanja chifukwa cha ulemu, koma kalasi yonse inkadziwa.

Chaka chimenecho kunamveka kuti kukhala chisankho cha woimira dera ku khonsolo. Opikisana anali awiri. Woyamba anali a Ambrose, kalaliki wopuma ntchito, amene mfundo yawo inali imodzi yokha, yoti zonse zili bwino. Wachiwiri anali Che Sidik a ku Nselema, ogulitsa nsomba zouma panjinga, mtsogoleri wa kachipani komwe anthu ankangokatcha Khasu. Iwowa analonjeza mlatho pamtsinje wodutsa pakati pa midzi ndi sukulu, analonjeza kuti atsikana aziphunzira mpaka Sitandade Sikisi, ndipo chomwe chinkavinitsa anthu, analonjeza kuti mizere yonse iphwanyidwe. Anyamata a chipanicho anapeka nyimbo yoti Che Sidik akangopambana, m'mawa mwake adzakwera ndi makasu kukasalaza mizere, kuyambira ya Enock, chifukwa ndiyo inkaoneka bwino munthu ali pamsewu.

Enock anaimva nyimboyo ndipo mtima unamuthawa. Ndende ankadana nayo kuposa onse oimbawo, koma popanda mizere kamunda kake kakanabwerera kukhala miyala.

Tsono kuvota kunali kwa okhoma msonkho okha. M'kalasi ya anthu makumi awiri ndi atatu, wa chitupa cha msonkho anali Atsibweni yekha. Anawo sanaone chovuta pamenepo. Anangogwirizana kuti voti ya Enock ndi ya kalasi yonse, iye n'ngoisunga chabe.

Lachisanu lililonse masana a Blasius ankachititsa mtsutso pansi pa mtengo wa mango, ndipo Lachisanu limenelo sanavutike kufuna mutu. Woyamba kuimirira anali Willard, mnyamata wamtali wa kutsidya kwa mtsinje.

“Ine nkhani yanga ndi mlatho basi,” anatero. “Dzinja lonse ndimafika kuno kabudula ali pamutu, inu n'kumati ndachedwa dala.”

“Mlatho ukabwera udzanamizira chiyani?” anafuula wina kumbuyo, onse n'kufa nacho chiseko.

Matilda anaimirira akuyang'ana pansi. “Ine ndikufuna Sitandade Sikisi. Agogo akuti ndikatha chaka chino basi, zakwana. Koma ine sizinandikwane.”

Kenako anaimirira Scholastica, mtsikana wosaseka msanga, amene bambo ake anamangidwapo kawiri chifukwa cha malimidwe. “Mizere ichoke! Amayi analima okha miyezi iwiri abambo ali m'ndende. Ichoke yonse!”

Atakweza manja, anapezeka makumi awiri ndi awiri a Che Sidik. A Ambrose sanapeze ngakhale chala. Onse anatembenukira kwa Enock, amene manja ake anali pamaondo.

“Ana inu,” anatero pang'onopang'ono, “mlatho ndikuufuna. Sitandade Sikisi ya mwana wangayu ndikuifuna kuposa iye mwini. Koma mukuti ndikaime kumbuyo kwa munthu woti m'mawa mwake adzandiphwanyire munda? Chimanga chomwe Matilda amakazinga n'kukugawirani pano chimachokera kuti?”

Chimanga chokazingacho aliyense anali atadyako, ngakhale Scholastica.

“Safunsa anadya phula,” anatero a Blasius. “Munthuyo ali moyo, ndipo njinga ali nayo. Mulembereni.”

Kalata yoitanira Che Sidik kusukuluko inalembedwa ndi dzanja la Enock. Inamutengera masana onse, thukuta lili kamukamu, Matilda akumunong'oneza pomwe pasowa chilembo.

Che Sidik anabweradi Lachitatu, atavala mkanjo woyera ndi nsapato za tenesi zoyera mbee, anyamata awo asanu akuthamanga pambuyo pa njinga. Ophunzira anali atakonzeka. Kuseri kwa sukulu kunali chulu chachikulu, ndipo mbali imodzi anaungako timatutu, mbali inayo timizere topingasa. Madebe anayi a madzi anali pamwamba. Cholakwa chinali cha Willard. Atauzidwa kuti aike mpando wa mlendo pamalo aulemu, anaona kuti mlendo sakhala padzuwa, ndipo anauika pamthunzi, m'munsi mwenimweni mwa mbali ya timatutu.

Enock anawerenga mokweza mawu omwe analemba m'kalata ija. Aka kanali koyamba kuwerenga pamaso pa anthu. Atafika kumapeto anakweza dzanja, ndipo anyamata awiri anakhuthula madebe kumbali ya mizere. Madzi anaima m'timizere, n'kumalowa pansi mwakachetechete. Anakwezanso dzanja. Madebe enawo anakhuthulidwa kumbali ya matutu, ndipo madzi anatsika mothamanga, atasenza katondo yense, n'kukathera pansapato zoyera zija ndi m'mphepete mwa mkanjo.

A Blasius anagwira pakamwa. Willard anayamba kuyang'ana njira ya kwawo. Enock anangoti m'mtima, basi, munda wapita.

Che Sidik anayang'ana nsapato zawo nthawi yaitali. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka chisoti chinagwa.

“Walira mvula walira matope!” anatero akupukuta misozi. “Ndabwera ndekha kudzafuna maganizo a ana asukulu, ndiye ndi amenewa andifika m'mapaziwa. Koma tamverani, achimwene. Anthu amangidwa chifukwa cha mizereyi. Ndikawauze kuti chiyani?”

Enock asanatsegule pakamwa, Scholastica anaimirira. Maso ake anali pamadzi omwe anali akadaima m'timizere tija.

“Abambo anga sanamangidwe ndi mzere, bambo,” anatero. “Anamangidwa ndi munthu. Chotsani ndendeyo. Wofuna mizere alime mizere, wofuna matutu alime matutu, mvula idzaweruza yokha.”

“Asikomo kwejinji, mwanangu,” anathokoza Che Sidik m'chinenero cha kwawo. “Ameneyu akapanda kufika Sitandade Sikisi, mudzandifunse ine.”

Analonjeza kuti akasintha mawu awo pamisonkhano yotsala. Koma anyamata asanu aja anachoka akung'ung'udza, ndipo madzulo omwewo nyimbo ija inamvekanso kumsewu.

Tsiku lachisankho ovota ankaima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna. Enock anazengereza pakati pa bwalo, chitupa chili m'manja. Kuseri kwa chingwe kunali Sitandade Folo yonse, a Blasius akunamizira kuti angodutsa. Enock anayang'ana Matilda, ndipo anapita kukaima kumbuyo kwa Che Sidik.

“Voti yathu iyo!” anafuula Willard, kalasi yonse n'kuyamba kuvina mpaka mesenjala anawaopseza ndi ndodo. Che Sidik anapambana ndi mzere wautali wokhota mpaka kumsika.

M'mawa mwake Enock anali kumunda dzuwa lisanatuluke. Posakhalitsa anamva nyimbo ija ikukwera mtsetse, ndipo anaona makasu akuphathima, oposa makumi atatu. Anachita mantha, osati pang'ono. Anaima m'malire mwa munda, khasu lili m'manja. Judith anafika akuthamanga, mwana ali kumbuyo, n'kuima pambali pake.

Patsogolo pa gululo panali Che Sidik, atavala nsapato zomwe zija. Zinali zitachapidwa, koma katondo sachoka wamba.

“Tinalonjeza kuti tiyambira munda wanu,” anatero, “ndipo ine sindinama. Ndawauza anyamatawa kuti asanakhudze mzere wa munthu ayambe aona nkhokwe zake. Aziona pobwera, zonse ziwiri. Tsopano aonetseni mmene mumaupindira mzere kuti madzi aime. Muyambe ndi ine. Munda wa amayi anga ku Nselema watsala mafupa okhaokha.”

Enock anangotembenuka, misozi ili m'maso, n'kuyamba kulima, iwo akutsatira. Pofika masana, kathengo ka pambali pa munda wake kanali mizere yokhayokha, ina yokhota ngati njoka yoledzera, ndipo nyimbo ija inali italowa mawu ena.

Madzulo Enock ali pakhonde, anamva kutsokomola kuseri kwa nkhokwe. Anali a Anastasia. Mwamwambo mpongozi ndi mkamwini sayang'anana, choncho anakhala chofulatira n'kuitana mwana wawo.

“Judith, uwauze abambo ake a Matilda kuti kumunda kwanga kuja dothi likutha. Akapeza mpata adzandiungireko. Uwauzenso kuti mwanayo apitirize sukulu yakeyo, ine ndatopa n'kukangana ndi mudzi wonse.”

Judith anabwereza mawuwo ngakhale mwamuna wake anali atawamva onse. Matilda, amene ankatsuka mbale, anagwetsa chipande.

Enock anakonza kukhosi.

“Uwauze amayi kuti ndamva, ndipo ndibwera Loweruka,” anatero. “Mawa sindingathe. Mawa ine ndi Matilda tili ndi sukulu.”