Munda Wopanda Malire

"Kodi bambo a mwanayu akudwala?" anandifunsa mayi oyandikana nawo nyumba tili pa mjigo. "Sabata yonse sitinawaone kumunda."

Ndinati ali bwino, akulima kwina. Sindinaname kwenikweni. Ntchito yothyola tiyi itachepa ku esiteti, amuna anga anayamba kulima mu foni. Anakaikitsa gemu kwa wotchaja mafoni pa Chinakanaka, gemu yoti munthu umangoyenda: kudula mitengo, kumanga, kuweta, kuwoloka mtsinje n'kupezanso dziko lina. Ndikafunsa kuti itha liti, ankati, "Mayi a mwana, iyi situtha nayo. Kulibe malire."

Pamenepo ndinkawamvetsa pang'ono. Munda wathu ndi mizere yowerengeka, uku tiyi wa esiteti, uku malire a achemwali anga. Komanso iwo ndi mkamwini: ngakhale nthochi yodzala okha sanganene kuti ndi yawo. M'fonimo anali ndi phiri lawolawo, lopanda apongozi.

Koma nandolo sathyoledwa mu foni. Tsiku lina m'mawa ndinaibisa m'chitenje. Atasakasaka, anatenga dengu n'kupita kumunda akung'ung'udza. Ine ndinayanika ufa pa mphasa, pambali pake nandolo wambewu, mwana ali m'tulo kumsana. Ntchito yanga inali kuingitsa mbuzi ndi kuyang'ana kuphiri, poti chiperoni chimatsika osaodira.

Ndinati ndingoona chimene chimawapusitsacho. Ndinapeza nyumba yawo ya m'fonimo ilibe khitchini, nkhuku zikugona panja. Amuna inu! Ndinamanga khola. Nditamaliza, ndinaona kuti kuseri kuli dambo labwino lopanda mwini. Nditadzala dambolo, kunaoneka kanjira kokwera mtunda. Palibe anandiuza kuti ndipite. Kanjirako kanangokhala pomwepo, kundidikira.

Anandidzidzimutsa ndi mayi oyandikana nawo nyumba aja.

"Anzanga, nanunso akupatsirani matenda a bambo aja?"

Nditadzutsa mutu, chiperoni chinali chitatsika kalekale. Ufa unali phala, mbuzi za mayiwo zili pa nandolo, mwana akuyetsemula.

Amuna anga anabwera ndi dengu lodzaza. Anayang'ana mphasa, kenako anatenga foni m'manja mwanga n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Khola mwamanga bwino," anatero. "Nanga damboli munalipezera kuti?"

Tsiku limenelo tinataya ufa wa masabata awiri ndi mbewu yonse ya nandolo ya chaka chotsatira. Ine ndinatayanso pakamwa powadzudzulira.