Kathumba ka Sitachi ka Mayi Dikirani

Mayi amene tinawaika m'manda mwezi wathawu anabadwira m'banja la wonika nsalu. Ali mwana ankakonda kuyang'ana utoto ukufalikira wokha m'beseni la bambo awo popanda woutakasa. Mapemphero anaphunzira kwa mayi awo, ndipo atakula anakhala mphunzitsi wa sayansi kusekondale.

Phunziro limene linkawadya mtima linali la maselo, tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga thupi. Ankafuna kuti ana amvetse kuti zinthu zina zimadutsa zokha khungu la selo, kuchoka komwe zachuluka kupita komwe zachepa. Ana ankaloweza mawuwo ngati nyimbo, koma ukawafunsa chimene chimazikankha, ankati mtima, ena ankati mphepo.

Choncho mayi anaganiza zowaonetsa. Ankathira madzi a ufa woyera wa sitachi m'kathumba kopyapyala kapulasitiki, n'kukamanga, n'kukaviika m'botolo la madzi a ayodini. Ayodini akadutsa pulasitikiyo, sitachi yoyera imada. Vuto linali loti amadutsa pang'onopang'ono, ndipo belu linkalira kathumba kadakali koyera.

"Dikirani, ana anga, dikirani," ankatero, mpaka mawuwo anasanduka dzina lawo.

Koma pakhomo pankakhala pataima kale mphunzitsi wa masamu, akugogoda wotchi yake ndi chala. "Mayi, ufa wanuwo ukapsa mutiitana," ankatero, kalasi yonse n'kuseka.

Anayesa kukaviika m'mamawa kuti ana akapeze katada. Mtsikana wina anati, "Mwathiramo inki, madamu, musatipusitse." Anakasiya pawindo kuti adzaone mawa lake, wosesa anakataya poganiza kuti ndi zinyalala. Anapempha ahedi kuti awapatse maphunziro awiri otsatizana, ahedi anati, "Alembetseni pabolodi basi, mayeso safunsa mabotolo."

Mayi sankabweza mawu, koma tisaname kuti sizinkawawawa. Loweruka akamasesa m'tchalitchi, tsache linkamveka mpaka panja, ndipo anzawo a kwaya ankadziwa kuti belu lawapezereranso. Kwa abambo mfumu ankaulula tchimo lomwelo chaka ndi chaka.

"Ndamukwiyiranso wa masamu, bambo."

"Mwamupempherera?"

"Ndatero, koma mano ndili kukukuta."

Amuna awo atamwalira analera okha ana, kuphatikizapo ana a mchemwali wawo. Ankayendera odwala, ndipo ana osauka ankawaphunzitsa pakhonde osalandira kanthu. Koma chaka chilichonse kalasi inkatuluka isanaone, ndipo iwo ankatsuka botolo mwakachetechete.

M'chaka chawo chomaliza chifuwa chinali chitawafooketsa, mawu akutuluka movutikira. Anaviikabe kathumba. Belu linalira, kali mbuu. Wa masamu, amenenso imvi zinali zitamumera, analowa ndi choko m'manja. Mayi anayamba kulongedza. Wa masamuyo anawayang'ana kanthawi, kenako anakakhala pabenchi yakumbuyo.

"Bondo langa lavuta lero," anatero. "Sinditha kuima. Pitirizani ufa wanuwo."

Ana anazungulira tebulo. Panapita nthawi, ena n'kuyamba kuyasamula. Kenako m'mphepete mwa kathumba munaoneka mdima wopyapyala, ukulowerera m'kati.

"Walowa yekha!" anakuwa mtsikana wa kutsogolo. "Madamu sanakhudze, ndimawayang'ana ineyo!"

Mayi anakhala pampando n'kuphimba nkhope ndi mpango.

Atapuma ntchito sanakhalitse. Analandira masakramenti Lamlungu masana, ana awo ali pambali. Mchemwali wawo, pofuna kuwatonthoza, anawakumbutsa kuti anathandiza ana ambirimbiri. Iwo anapukusa mutu.

"Musandikometsere, achemwali. Zaka zonsezo, kalasi imodzi yokha." Kenako anamwetulira. "Koma inaona."

Anatsinzina dzuwa lisanapendeke, korona ili m'manja. Ambuye awalandire mu mtendere wawo, ndipo ife otsala atiphunzitse kugwira ntchito yabwino ngakhale mtima ukuwawa.