Njinga Yanga ya Giyabokosi pa Mtsetse wa Mafinga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha tcheni choduka. Nditamaliza Fomu 4 ndinkangokhala kwathu ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga, n'kumamata machubu a njinga pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lina kunafika bambo ena achikulire akukankha njinga yamoto, thukuta lili kamukamu. Tcheni ndinachilumikiza ndi msomali, mwala ndi pulayala, iwo akungondiyang'ana. Nditamaliza anati, "Lolemba ubwere ku Boma, ufunse a Sikwese owotcherera, ndi ineyo."

Chimene chinandikoka si malipiro, chifukwa analibe n'chowasimbira chomwe. Inali kalata. A Sikwese anati ndikawagwirira zaka ziwiri adzandilembera kalata yoti ndikalembe mayeso a luso. Popanda kalata ya mwini shopu sungalembe mayesowo, ndipo popanda pepala la mayeso, ngakhale uwotcherere bwino chotani, umangotchedwa mnyamata wa uje mpaka imvi. Ndinaikapo mtima wanga wonse pa kalata imeneyo.

Shopu yathu inali kuseri kwa msika wa Chitipa. Tinali ndi makina owotcherera amodzi olira ngati njuchi, gulayinda yopalira zitsulo, vayisi yopanira zitsulo yothyoka dzino limodzi, sowo ndi masipanala osakwanira. Tinkapanga zitseko, mafelemu a mawindo ndi ngolo. A Sikwese aliyense ankawatchula kuti afundi, monga anzathu a ku Tanzania amatchulira mmisiri, ndipo luso analidi nalo, sindingawanamizire. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kumenya rodi yowotcherera pachitsulo osaimatitsa, kugogoda zotsalira ndi kuona ngati mzere wagwira. Koma anali ndi khalidwe limodzi. Chitseko chikatuluka bwino, chinali cha afundi. Chikapindika, ankakuwa pamaso pa mwini wake kuti, "Lusekelo, wapanga vichi apa?" Lusekelo ndine, ndipo nthawi zambiri chopindikacho sindinali nditachigwirako n'komwe.

Chaka chachiwiri chili pafupi kutha, kunabwera a Makwinja, alangizi a zaumoyo ochokera ku Mulanje amene ankagwira ntchito ku Nthalire. Anabweretsa njinga yamagiya ya pakaunjika, kagiya kolendewera kumbuyo kaja katapindikira m'masipoko. Kanali kachitatu kuwathyokera. Anadandaula kuti misewu ya kumeneko ndi miyala yokhayokha, pokwera amakankha, potsikanso amakankha poopa mabuleki, ndiye njinga ndi yachiyani? Afundi anangoti agule ina. Ine maso anga anali pa injini yakufa ya njinga yamoto imene inkachita dzimbiri pakona.

Ndinaganiza kuti magiya a njinga yamoto sathyoka ndi miyala chifukwa amakhala m'kati mwa bokosi lachitsulo. Nanga bwanji bokosi lomwelo osaliika pakati pa njinga yakapalasa? Nditawauza afundi anaseka mpaka kutsokomola. "Panga, koma pa nthawi ya nkhomaliro," anatero. "Ndipo marodi anga usawononge."

Miyezi inayi ndinkadya mbatata ndi dzanja limodzi, lina lili pa sipanala. Injini ndinaiphwasula, ndinachotsa pisitoni ndi zonse zoyatsa moto, n'kusiya magiya anayi okha m'bokosi mwake. Kalachi ndinaiwotcherera kuti isamaterereke. Pamene pankadutsa chitsulo chozunguza injini ndinadutsitsapo ekiselo ya mapedulo, yokhala pa mabeyaringi awiri. Poyamba ndinkapalasa ngati wamisala koma tayala likungokwawa, mpaka ndinaika sipuloketi yaikulu potulukira magiya ndi yaing'ono kumbuyo. Felemu ndinaidula ku mapaipi otsala a ngolo. Mashoko akutsogolo ndi mabuleki onse awiri anali a njinga yamoto. Chosinthira giya ndinachilumikiza ndi kandodo kachitsulo n'kuchibweretsa pansi pa handulo kuti ndizisintha ndi dzanja.

Chimene ndinkanyadira kwambiri chinali fuliwilo, kachitsulo kamene kamalola munthu kusiya kupalasa njinga ikuyendabe. Pa njinga zonse kamakhala kutayala lakumbuyo. Ine ndinakaika pa mapedulo. Choncho ukasiya kupalasa, miyendo imapuma koma tcheni ndi magiya zimazungulirabe, ndipo umatha kusintha giya uli pamtsetse osapalasa. Choipa chake n'chakuti tcheni sichiima bola tayala likuyenda, chilichonse chimene chingakodwemo chimakokedwa. Ndinkadziwa, ndipo ndinafuna kuchiphimba ndi lata. Afundi anati malata ndi a zitseko za anthu.

Njingayo inali yonyansa komanso yolemera ngati thumba la chimanga, koma tsiku limene ndinakwera nayo chitunda cha kuseri kwa msika ndili chikhalire pachishalo, kuseka kwa afundi kunatha. Madzulo ake ndinawamva akuuza anthu kuti, "Iyi taipanga muno." Anaimbira foni a Makwinja. A Makwinja anati aikhulupirira akaiona ikutsika phiri lenileni wokwerayo osatsikapo, ndipo ikatero anzawo a ku Nthalire nawonso aifuna. Afundi anasankha msewu wa kwathu, wotsika kuchokera m'mbali mwa Mafinga kukafika pamlatho wa m'munsi.

Loweruka m'mawa tinakweza njinga pa lole ya chimanga yodzera mbali ina ya phiri mpaka pamene msewu wa galimoto umathera, kwinako ndinapalasa. Afundi ndi a Makwinja ankanditsatira pa njinga yamoto. Pamwamba afundi anandikokera pambali. "Ife tikutsogola, tikakudikire pamlatho. Ndikakuflasha, uyambepo. Phazi lako lisakhudze pansi, wapulika? Kaya zivute bwanji. Ukafika bwino, kalata yako Lolemba."

"Enya, afundi," ndinavomera.

Ndinadikira nthawi yaitali kuposa mmene ndinkayembekezera. Kenako foni inalira kamodzi, ndinayambapo.

Sindinama, mphindi zoyambazo ndi zokoma kuposa zonse zimene ndinakhalapo nazo pa ntchito. Mashoko ankameza miyala. Ndinasintha giya yachitatu, yachinayi, osapalasa, bokosi likungoti khatha, khatha pansi panga. Pa makona ndinkafinya buleki yakumbuyo pang'ono, njinga n'kumvera. Ndinkaseka ndekha, mphepo ikulowa m'kamwa. Chinthu chimene ndinachiganiza ndi mutu wanga chinali kuyenda.

Nditakhota kona ya pamwamba pa mudzi, ndinaona masamba. Nthambi zaziwisi zitayalidwa modutsa msewu, kutsogolo kwake amayi atakhala m'mbali, abambo pansi pa mitengo. Maliro. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti pamasamba umatsika njinga, umavula chipewa, umakankha mpaka utapitirira masamba achiwiri. Ine ndinakulira pa msewu womwewo. Ndinawaona ndili patali, ndipo zala zanga zinali kale pa mabuleki. Malo oimira analipo okwanira.

Koma m'mutu mwanga munkangomveka kalata, Lolemba, phazi lisakhudze pansi. Ndinadziuza kuti ndingodutsa mwakachetechete, ndidzapepesa pambuyo. Ndinachotsa zala.

"Khira! Ni nyifwa!" bambo wina anakuwa, kundiuza kuti nditsike, ndi maliro.

Tayala lakutsogolo linaponda nthambi, nthambiyo inadzuka n'kulowa m'tcheni. Njinga wamba ikanangoidutsa. Tcheni changa chija chinaikoka mpaka pa sipuloketi, tayala lakumbuyo linauma nthawi yomweyo. Ndinakhwekhwereza cham'mbali, fumbi lili kobo, n'kukagunda benchi limene anakhalapo akuluakulu a mpingo. Mkulu mmodzi anagwa chagada. Nyimbo inadukira pakati. Ndinadzuka chigongono chikutuluka magazi, ndipo nkhope yoyamba imene ndinaiona inali ya mayi anga, atakhala pakati pa amayi anzawo, dzanja lili pakamwa. Womwalirayo anali mayi wa m'kwaya yawo.

Anyamata ena anafuna kundimenya, koma akuluakulu anawaletsa. Anandikhazika pansi kuseri kwa nyumba, wina n'kuthamanga kukaitana afundi kumlatho. Atafika ndi a Makwinja, mkulu amene anagwa uja, a Kayange, ndi amene anayankhula. Anali munthu wofatsa, anandiphunzitsapo Sande sukulu. Anayang'ana njinga, n'kuyang'ana ine.

"Mwana uyu tikumudziwa," anatero pang'onopang'ono. "Mwina chinthu chakechi n'chimene chamukanika. Mabuleki anakana, eti?"

Aliyense pamenepo anamva chimene a Kayange ankachita. Ankanditsegulira khomo. Ndikanangoti inde, ikanakhala ngozi, anthu akanapukusa mitu, mayi anga akanadzutsa nkhope. Ndinatsegula pakamwa, koma afundi anandipitirira.

"Yayi, adada," anatero. "Mabuleki ali bwinobwino, onani." Anadzutsa njinga, anasolola nthambi ija, anaikankha n'kufinya. Inaima nji. Anabwereza kachiwiri kuti a Makwinja aone bwino. "Njinga ya m'shopu mwanga siikana buleki. Vuto ndi mutu wa mwana uyu. Ana a masiku ano ulemu alibe."

A Kayange anangoti, "Yewo, tapulika," n'kubwerera kumaliro. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Mayi anga anakagwada kwa anamfedwa m'malo mwanga. Ine ndinatsala pansi pomwepo, ndikuchotsa timiyala pachilonda.

Pobwerera a Makwinja ndi amene anandimanga chigongono ndi bandeji ya m'chikwama chawo. Akumanga anandifunsa motsitsa mawu. "Koma achimwene, afundi sanakuuzeni pafoni? Ifetu potsika tinawapeza masambawo. Tinazimitsa njinga yamoto, n'kukankha mpaka kumapeto. Ine ndimayesa akuuzani kuti mukafika pamenepo mutsike."

Apo m'pamene ndinadziwa chimene anachedwera kundiflasha. Iwo anatsika, anavula chipewa, mwinanso anapereka moni wa chisoni. Atafika pamlatho anatulutsa foni, n'kuiliza kamodzi osanena kanthu. Mawu awiri okha akanakwana. Sanafune kuti a Makwinja aone njinga ikukankhidwa, komanso sanafune kuti pakamwa pawo patuluke mawu oti dutsa pamaliro. Anandisiyira ine kuti ndisankhe, atandikolowekera kale kalata patsogolo.

Lolemba ndinapitabe kushopu, mopanda manyazi, ndipo ndinaifunsa kalatayo. Afundi sanasiye n'komwe kugulayinda. Atazimitsa anati, "M'kalata timalembamo za khalidwe. Ndilembe kuti vichi, Chisenga yose yaona?" Anati ndiyambe ndapuma kaye kunyumba mpaka nkhani izizire, adzandiitana. Mpaka lero sanandiitane.

Njinga inatsala kwa iwo, poti mapaipi ndi marodi anali awo. Patapita miyezi ingapo ndinaiona ku Boma ili ndi penti yobiriwira, dzina la shopu yawo litalembedwa pafelemu, tcheni chitaphimbidwa bwinobwino ndi lata. Lata linapezeka tsopano. Ndinamva kuti anayesa kupanga yachiwiri koma inawakanika, sanadziwe chifukwa chimene fuliwilo inakhalira pa mapedulo. Ndikanakonda kunena kuti zimenezo zinandisangalatsa, koma sizinandibwezere kanthu.

Kwathu sindinakhalitse. Kumsika wa Chisenga ndikamadutsa anthu ankasiya kuyankhula, ndipo mayi anga anasiya kupita kukwaya kwa nthawi ndithu. Ndinasamukira ku Nthalire, kumene ndimawotcherera makasu, ngolo ndi mafelemu a njinga za kabaza ndi makina obwereka. Pepala ndilibe. Ntchito za mawindo a sukulu zikabwera amafunsa pepala, ndiye zimapita kwa ena, ine n'kumawakonzera zimene alakwitsa.

Ofuna kulowa ntchito imeneyi amandifunsa za marodi ndi magetsi. Zimenezo munthu amaphunzira msanga. Chimene ine ndinaphunzira mochedwa n'chakuti bwana akakuuza kuti usaime zivute zitani, iye amakhala ataima kale pabwino. Zikavuta adzateteza chitsulo chake, chifukwa chitsulo chimagulitsidwa.

Ndakhala ndikuwada a Sikwese zaka zonsezi, ndipo sindikuona kuti ndidzasiya. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa kuposa kalata, ndipo ndayesa kuchikankhira kwa iwo koma chimakana. Pamaso pa a Kayange ndi pa mayi anga, afundi sananame. Mabuleki aja ndinawamanga ndine, ndipo ankagwira.