Pakati pa Mkamwini ndi Apongozi

Linali Lachinayi, sabata yomaliza ya Ogasiti, sukulu titatsekera, ndipo ine ndinali m'kachipinda ka kuseri kwa baraka ya achimwene, ndikulumikiza vidiyo ya ukwati ndekha koyamba. Tsikulo ndikulikumbuka bwino chifukwa ndinalilemba mu kaderno yanga, kabuku kamene ndimasungamo zinthu zimene pakamwa panga pamakanika kutulutsa.

Achimwene ndi oyamba kubadwa kwathu. Baraka yawo, kasitolo kakang'ono, ili pafupi ndi siteshoni ya Entre Lagos. Mkati mwa sabata amatchaja mafoni ndi kuika nyimbo m'makadi, koma Loweruka amamangirira kamera pa njinga n'kupita kukajambula maukwati. Ine anandiika kutsogolo kuti ndizilandira mafoni ndi kuwabwezera eni ake. Ntchitoyo sinali yolemetsa, koma munthu akandifunsa kanthu mawu ankandithera kukhosi. Choncho anthu akachepa ndinkazembera kuseri kumene kuli komputadori, n'kuima kumbuyo kwa achimwene kuonerera.

Vidiyo ya ukwati sibwera yathunthu. Imabwera m'zidutswazidutswa: apa akuphika, apa akuveka mkwatibwi, apa akuvina. Wolumikiza ndiye amasankha momwe chidutswa china chichokere kuti chinzake chilowe. Achimwene ankakonda zamphamvu. Chithunzi chinkagudubuzika ngati tayala, kapena kutembenuka ngati tsamba la buku, kapena kuphulika n'kusanduka nyenyezi. Iwo ankati anthu amafuna aone kuti makina agwiradi ntchito. Ine zinkandipweteka m'maso. Tsiku lina mayi wina akulira m'vidiyo chifukwa mwana wake akuchoka pakhomo, nkhope yake inazungulira katatu n'kuthawira kukona, ndipo ndinanena chapansipansi kuti mwina akanangomusiya alire kaye.

Achimwene anatembenuka n'kundiyang'ana. "Kodi lero wayankhula? Mvula igwa mu Ogasiti."

Anaseka kwa kanthawi, kenako anati popeza ndine mphunzitsi wawo tsopano, ukwati wotsatira ukhala wanga. Eni ake akaulandira osadandaula, mpando wa kuseri ukhala wanga tchuthi chonse ndi Lamlungu lililonse. Akaubweza, ndibwerera kutsogolo kukalandira mafoni, ndipo nyenyezi zawo ndisadzazinenenso.

Ukwati umene unandigwera unali wa banja lachisilamu, lolankhula Chiyao, la m'mbali mwa nyanja ya Chiuta. Mkwati anali msodzi, ndipo atakwatira anakakhala kwawo kwa mkazi monga zikhalira kumeneko. Vidiyo inkafunika Lamlungu. Eni ake anati akaionetsera pabwalo pa amayi a mkwatibwi, pa televizoni ya batire, mudzi wonse ulipo.

Kuyambira Lolemba ndinkafika m'mawa, kusesa, n'kukhala pampandopo. Masiku amenewo ndinali wosangalala kwambiri. Malo ambiri ndinkangodula, chidutswa china chithe, china chiyambe, popanda chokometsera. Koma pamene nkhani ikuchoka malo ena kupita ena ndinkaika kamene ndinkakakonda, kosungunuka: chithunzi choyamba chimazimirira pang'onopang'ono pamene chachiwiri chikutulukira mkati mwake. Panali malo amodzi pamene madzi a nyanja ankasungunukira m'nsalu yoyera ya mkwatibwi, ndipo ndinawabwereza mwina kakhumi, ndekhandekha, ndikumwetulira. Ndinkadziuza kuti ameneyu ndiye ulemu umene ukwati umafuna.

Lachinayi limenelo masana amayi anabwera ndi chinangwa chophika m'kambale. Iwo sakonda makina, koma maukwati amawakonda, ndiye anaima kumbuyo kwanga dengu lili m'chiuno. Ndinayambitsa vidiyo pachiyambi. Anayamikira kapulana, nsalu imene akuchikazi anavala yofanana, anati mpunga ukuoneka kuti unapsa bwino, anafunsa ngati mbuzi zinali ziwiri kapena zitatu. Mtima wanga unkakula.

Tinafika pamene mkwati akutuluka mu mzikiti. Achimwene anamujambula pafupi, nkhope yokha, akumwetulira, kofiya itapendekeka pang'ono. Chidutswa chotsatira chinali cha kunyumba, amayi a mkwatibwi atakhala pa mkeka, nawonso nkhope yokha. Pakati pake ndinali nditaikapo kosungunuka kanga.

Amayi anatsitsa dengu pansi. Anandiuza kuti ndibwezere m'mbuyo, ndipo zithunzi ziwirizo zitalowana anati ndiimitse pomwepo. Ndinaimitsa. Ndinali ndisanaimitsepo pakati chotero. Kofiya ya mkwati inali pamwamba pa mpango wa mayiyo, tsaya lake pa tsaya lawo, ndipo kumwetulira kwake kunali pakamwa pawo.

"Awo ndi ndani?"

"Amayi a mkwatibwi."

"Nanga uyo?"

"Mkwati."

"Ndiye iwe mwanawe, wagundanitsa mkamwini ndi apongozi ake tsaya ndi tsaya?"

Mwambowo ndinkaudziwa. Alamu anga, amuna a achemwali, akakumana ndi amayi panjira amapatukira kutchire, ndipo moni amapereka atanyonyomala chapatali, maso ali pansi. Zaka zinayi tsopano sindinawaonepo akudya amayi alipo. Kungoti sindinaganize kuti zimenezi zimalowanso m'makina. Ndinayesa kufotokoza kuti ndi masekondi awiri okha, ndiponso kuti pa tsiku la ukwatilo anthu awiriwa sanayandikane n'komwe, wina anali ku mzikiti wina kunyumba. Amayi anati maso a pamudzi sawerenga masekondi. Mwana mmodzi akangoseka, wina adzati bwezerani tione, mayiyo adzadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo mnyamatayo ndi amene adzadzuke pakhomo pomwepo m'mawa mwake ndi m'mawa mwinamo.

Ndinaona mayi amene sindinkawadziwa akudzuka pa mkeka pamaso pa alendo, chifukwa cha ine.

Achimwene anamva mawu a amayi n'kulowa ali ndi foni ya munthu m'manja. Ataona chithunzi choimacho anagwira chitseko n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati nyenyezi zawo anthu azinene momwe angathere, koma sizinapsompsonetsepo munthu ndi apongozi ake. Anawerama pamwamba pa phewa langa n'kuikapo tsamba lotembenuka. Mkwati anapindika n'kugwera pa mayiyo.

"Tsopano wawafunditsa bulangete limodzi," anatero amayi.

Ndinachotsa tsambalo n'kungodula popanda chilichonse. Nazonso sizinathandize. Mkwati ankamwetulira atayang'ana kudzanja lamanja, mayiyo atayang'ana kumanzere, ndipo zinkaoneka ngati akupenyana m'maso. Amayi anapukusa mutu.

Achimwene anati basi, ndidzuke, nthawi yatha, aikonza okha vidiyo yonse momwe amachitira. Sindinadzuke. Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu imeneyo, koma ndinagwira m'mphepete mwa tebulo n'kupempha kuti andisiye mpaka sitima ya malasha ya madzulo idutse. Anayang'ana amayi, kenako anatuluka akung'ung'udza kuti munthu wachete akayamba makani amaposa mbuzi.

Amayi anakhala pa kireti ya zakumwa n'kuyamba kudya chinangwa chimene anandibweretsera. Ine ndinatsegula zidutswa zimene achimwene anaziika pambali kuti n'zotaya. Zinali zambiri. M'china kamera inkangoona thambo, m'china munali chala chawo, m'china nkhuku. Kenako ndinapeza chimodzi chimene anajambula ali pa njinga, osadziwa kuti kamera ikadali yoyaka. Munali kanjira ka pakati pa mipanda ya bango, kochokera ku mzikiti kupita kunyumba, ndipo kutsogolo kunali amayi atatu atasenza mabeseni a mpunga, akuoneka misana yokha, mmodzi akukonza nkhata akuyenda. Chithunzicho chinkagwedezeka, koma panali masekondi asanu pamene njinga inayenda pamchenga wosalala.

Ndinatenga masekondi asanuwo n'kuwaika pakati. Mkwati akumwetulira pakhomo pa mzikiti. Kanjira, misana, mabeseni. Kenako mayi aja pa mkeka wawo, okha, ngati akudikira mpungawo. Sindinaike chosungunuka chilichonse.

Amayi anaonera kawiri. Kachiwiri anasiya kutafuna.

"Eya. Tsopano wamupatsa njira yoti adutse."

Sitima inali isanadutse pamene achimwene analowanso. Anaonera manja ali m'thumba, anati chidutswacho n'chogwedezeka ndipo anthu adzaganiza kuti wojambula anali ataledzera. Koma za mpando sananenenso. Anangofunsa ngati chinangwa chatha, ndipo atamva kuti chatha anadandaula kwa amayi kuti pakhomo pano wamkulu sawerengedwa.

Ndinkaganiza kuti zatha, koma amayi akunyamula dengu lawo anafunsa ngati kosungunukako ndinakaika malo amodzi okha. Ndinawerenga. Malo anali khumi ndi limodzi, ndipo asanu ndi awiri anali pa nkhope za anthu. Amayi a mkwatibwi ndinawadziwa chifukwa anakhala pafupi ndi mkwatibwi tsiku lonse. Nanga abambo a mkwati anali ati mwa akuluakulu onse a mikanjo yoyera? Nanga ena amene amachitirana manyazi m'banja limenelo? Ndinafunsa achimwene, iwo anati amajambula amene wavala bwino, za ubale sadziwa. Amayi anati munthu wodziwa nkhope zonsezo alipo mmodzi, azakhali a mkwatibwi, amene anabwera kudzapangana ndi achimwene za kujambulako, ndipo amayanika nsomba padooko la ku nyanja ya Chiuta.

Ndikanatha kungochotsa kosungunuka konse n'kukhala phee. Koma ndinali nditaona kale kuti ngakhale kudula wamba kumatha kupenyanitsa anthu osayenera kupenyana. Ndinakhala pampandopo mpaka dzuwa linalowa pazenera n'kundilepheretsa kuona bwino, ndikuganiza za kupereka moni kwa munthu wamkulu amene sindinayankhulepo naye. Komabe ndinali wokondwa, kukondwa kwa munthu amene wapeza kuti ntchito imene akuikonda ndi yaikulu kuposa momwe ankaganizira.

Tikuyenda kupita kunyumba ndinapempha amayi kuti andiphunzitse moni wa Chiyao wa kwa akuluakulu, ndipo ndinaubwereza mpaka pakhomo, iwo akundikonza. Ndisanatsuke mbale ndinalemba mu kaderno zimene ndichite mawa lake: ndiika vidiyo yonse m'foni ya achimwene, ndibwereka njinga yawo, ndifika kudooko isanakwane nthawi ya mapemphero a Lachisanu, ndikhala pansi pafupi ndi azakhaliwo, ndipo ndiwapempha kuti andiuze nkhope iliyonse kuti ndi ya ndani, ndi amene sayenera kuyandikana nayo.