Munthu Amene Analemba Dzuwa Ganyu

Ine ndayenda, abale. Ndadya nsomba ku Tangier, ndagulitsa zikopa ku Tunis, ndakangana ndi oyendetsa matakisi ku Cairo n'kuwagonjetsa. Koma munthu wolemba dzuwa ganyu, n'kumaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku osalilipira, ndinamuona mmodzi yekha, kwathu konkuno ku Marrakech. Dzina lake ndi Assou.

Assou anatsika kumapiri ali ndi zaka makumi anayi, atapachika bulangete limodzi paphewa. Chipale chofewa chimene chinkayeretsa nsonga za mapiri chinali chitayamba kubwera mochedwa n'kuchoka msanga. Kasupe wa m'mudzi anaphwa, mitengo yake ya amondi inauma chiimire. Mkazi ndi ana anawasiya kwa apongozi.

Ntchito anaipeza m'dzenje la pansi pa hamamu, nyumba yosambiramo anthu a dera lonse, ya mayi wamasiye dzina lake Lalla Zhor. Pamwamba anthu ankayera, pansi iye ankada. Ankasonkhezera ng'anjo ndi nkhuni, utuchi, ngakhale matayala akutha. M'mawa uliwonse bulu ankabweretsa mtengo wathunthu wowazawaza. Tsiku lililonse mtengo wake, kwa zaka khumi ndi ziwiri.

Masana ankakwera padenga kukakhosomola. Akayang'ana mapiri patali ankalota ali maso. Ankaona chipale chikutsika pang'onopang'ono ngati ubweya wa nkhosa, kasupe akuimba pakati pa miyala, amondi atachita maluwa mbee mpaka kuchigwa.

Lachisanu lililonse amuna ankabwera ndi tanjiya, mitsuko yadothi yodzaza nyama, kuti Assou awakwiririre m'phulusa lotentha. Woyamba kufika ankakhala Si Mbarek, mphunzitsi wopuma ntchito.

"Aphunzitsi, chipale chathu chija chinapita kuti?" anafunsa Assou tsiku lina.

"Chinathawa utsi, m'bale wanga. Wa mafakitale, wa magalimoto, wa ng'anjo ngati yakoyi. Mpweya wake sutha msanga, umakaunjikana kumwamba n'kufunditsa dziko bulangete. Kutentha kukalowa kumasowa potulukira."

"Ndiye kuti inenso ndikuwotcha mudzi wanga?"

"Iwe ndi nyerere pakati pa njovu. Komatu nyerere nayo imaluma. Tandikwiririra mtsukowo bwinobwino."

Mawuwo anam'khala pamtima ngati mwala. Asanawameze n'komwe, nkhuni zinakwera mtengo, ndipo Lalla Zhor anasuzumira m'dzenje muja.

"Assou, mlongo wanga, nkhunizi zandimaliza. Ikatha Ramadani ndikutseka."

Tsiku limenelo Assou anakwera padenga. Kumudzi kunalibe chobwerera. Anakhalira paipi yakuda imene inaiwalika padzuwa, ndipo madzi otsalira mkatimo anam'thira paphazi. Anadumpha! Madziwo anali otentha ngati ochoka pamoto. Anaseka yekha ngati wamisala. Zaka zonsezi moto waulere unali pamutu pake, iye akukumba phulusa pansi.

"Mayi, ndibwerekeni denga lanu miyezi itatu," anapempha kwa Lalla Zhor.

"Denga? Ukufuna kuyanikapo chiyani, mapapo akowo?"

Koma anam'lola. Assou anatola mapaipi akuda otayidwa kuminda, n'kuwazungulitsa denga lonse ngati njoka yowothera dzuwa. Masana madzi anatentha ndithu. Kutacha anali zii.

"Assou iwe!" anakuwa amuna ali ndi thovu m'maso. "Tabwera kudzasamba kapena kudzafa?"

Ulendo wachiwiri mapaipi anaphulika n'kunyowetsa tirigu amene Lalla Zhor anayanika. Mayiyo sanam'yankhule sabata yathunthu.

Assou sanasiye. Anapita kusitolo yogulitsa zotenthetsera madzi za dzuwa n'kupempha kuti azinyamula katundu popanda malipiro, bola aziona mmene amisiri akulumikizira. Kumeneko anaba nzeru ndi maso. Mapaipi anawavindikira ndi magalasi a mawindo akale, thanki yosungiramo madziwo anaikulunga ndi ubweya wa nkhosa. M'mawa wake nthunzi inadzaza hamamu. Moto unangotsala wochepa wotenthetsa pansi. Ramadani inatha, chitseko chili chotsegula.

Muganiza kuti anthu anamuombera m'manja? Lachisanu amuna anafika ndi mitsuko yawo n'kupeza phulusa losakwana kuwotcha ngakhale dzira. Woyamba kulusa anali Si Mbarek.

"Wapha Lachisanu lathu, munthu wakumapiri iwe!"

"Aphunzitsi, si inu munati utsi ukufunditsa dziko bulangete?"

"Ndinkanena utsi wa mafakitale, osati wa nyama yanga!"

Ananyamula mitsuko yawo ulendo ku hamamu ina, ndipo kumene kwapita mtsuko mwini wake amasambanso komweko. Pasanathe mwezi, madzi otentha ankangodikira anthu osabwera. Lalla Zhor anayamba kusisita makiyi otsekera hamamu.

Assou anakumbukira milu ya njere za azitona imene ofinya mafuta ankataya kuseri kwa nyumba zawo. Anatumiza bulu uja kukazitenga. Njerezo zimayaka modekha, khala lake limasunga moto nthawi yaitali, ndipo palibe mtengo umene umagwa. Anagula nyama yekha, anaikwirira, n'kukaiika pakhomo pa Si Mbarek.

Mkuluyo analawa, n'kutsinzina.

"Yasowako mchere pang'ono," anatero. Lachisanu lotsatira anafika woyamba, amuna onse ali pambuyo pake.

Lero mukakwera padenga lililonse m'dera lathu, muona magalasi a Assou akuthwanima pa mahamamu makumi atatu ndi imodzi. Ana ake anaphunzira, chifuwa chinamusiya. Dzuwa limafika pantchito osachedwa, silipempha tchuthi.

Chipale sichinabwerere monga kale. Assou amadziwa kuti bulangete lija silingachotsedwe ndi munthu mmodzi. Koma inu amene mwakhala m'dzenje lanu mukuti zatha, kwezani maso. Mwina chokutulutsani chikukuwotchani pamutu. Osataya mtima, ngakhale akusekeni ndi amene anakuphunzitsani.

Chaka chilichonse, mvula ikayamba, Assou ankakwera kwawo ndi mbande, chifukwa sanaiwale katundu wa bulu uja. Chaka chatha anakumba dzenje lomaliza pafupi ndi kasupe wouma, mkazi wake n'kuthira madzi a m'botolo. Anasasa dothi m'manja, n'kuyang'ana phiri.

"Ndinakuwotchera mitengo zikwi zinayi, mazana atatu ndi makumi asanu ndi atatu," anatero. "Werenga wekha. Tatherana."