Kadontho Kanali Kutsidya kwa Dambo

Kwathu ku Simlemba netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa chigafa cha adada. Aliyense wofuna kuimba foni amakwera pamenepo, moti pamwamba pake panachita kusalala ndi mapazi. Chaka chimenecho ndinali nditangogula foni ya tachi, ndipo ndinkadzimva kwabasi. Ndikayamba kukamba za mapu ndi intaneti, anzanga ankangoti kukamwa yasa, ine n'kumawonjezera ndi zimene sindinkazidziwa n'komwe.

Unali mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osakata. M'mawa umenewo tinali m'chigafa kusoka fodya. Adada anaimirira kuti apachike fodya amene anasoka, ndipo anangoti khu pansi. Pakamwa panapotoka, mkono wamanja uli lende, mawu osatuluka. Panjinga sakanatha kukhala. Ndinathamangira pachulu kukaimbira achimwene anga amene amagwira ntchito ku boma. Posakhalitsa anapeza galimoto, koma dalaivala wake anali mlendo kwathu kuno.

“Tumiza lokeshoni, iyeyu alondola pafoni,” anatero achimwene.

Amama anali atanditsatira, ataima m'munsi mwa chulu.

“Mwanawe, tenga njinga ukawadikire pamphambano ya kutchalitchi. Mlendo timakamuchingamira.”

“Amama, zimenezo n'zakale. Foni iwafikitsa pakhomo pompano.”

Ndinayankha choncho ine, mokweza mawu, ngati munthu wodziwa zinthu. Pamapu panaoneka kadontho kabuluu, ndipo kuzungulira kadonthoko panali bwalo lalikulu lotuwa. Bwalolo ndinaliona bwinobwino, koma ndinkayesa n'lokongoletsa chabe. Ndinatumiza nthawi yomweyo, n'kutsika kukathandiza kunyamula adada.

Tinawagoneka pamphasa pakhonde, mutu uli pamiyendo ya amama. Maso a adada ankangoyang'ana kunjira. Dzuwa linafika pamutu, galimoto kuli zii. Nditakweranso pachulu, foni ya dalaivala inalowa.

“Bwana, ndafika pamene mwanditumizira. Ndili pakati pa minda, nyumba sindikuiona.”

“Mukuona chiyani?”

“Fodya ndi zigafa basi.”

Nanga kwathu kuno pali pena pomwe sungaone fodya ndi zigafa? Mitengo ikuluikulu imene kale tinkalondolera nayo alendo tinaidula tokha, ina kumangira zigafa zomwezo. Ndinamufunsa mafunso ambirimbiri, mawu akudukaduka, mpaka anatchula nsanja ya netiweki kuti ili pafupi naye. Nsanja imeneyo ili kutsidya kwa dambo, ndipo nthawi ya dzinja dambolo siliwolokeka. Dalaivala uja anayesa kudutsa kuti afike msanga, galimoto n'kutitimira. Anthu a kutsidyako anaikankha, iye n'kubwerera kukazungulira kumsewu waukulu. Apo m'pamene ndinapalasa njinga kukamudikira pamphambano paja.

Tinafika pakhomo cha m'ma fili koloko. Ndili chapatali ndinamva amama akulira.

Mawa lake anthu anaika masamba pamsewu, monga timachitira pakagwa maliro. Anabwera a ku Nkhamenya, a ku boma, ena oti sanapondepo kwathu chibadwire. Palibe anasochera ngakhale mmodzi. Ankangofunsa m'njira, n'kumalozeredwa.

Patapita milungu, mphunzitsi wina wa kusekondale anandifotokozera. Anati foni ikangotsegulidwa imayamba ndi kungoyerekeza, kutengera nsanja imene yagwira. Kutauni nsanja n'zothithikana, ndiye siphonya kwambiri. Kuno nsanja imodzi imatumikira midzi yosawerengeka. Bwalo lotuwa lija ndiye kuti foni ikukuuza kuti sikudziwa bwino, uli penapake m'kati mwakemo. Ukaima pamtetete n'kudikira pang'ono, imalumikizana ndi makina a mumlengalenga, bwalo n'kuyamba kuchepa.

Ndinapita pachulu kukayesa. Kadontho kanayambira kutsidya kwa dambo, malo omwe aja. Ndinadikira. Bwalo linayamba kufota, kadontho kanalumpha dambo, kenaka n'kudzakhazikika pambali penipeni pa chigafa cha adada. Sizinatenge nthawi yoposa imene munthu amamwera kapu ya tiyi. Ndinakhala pansi pachulupo. Ndayesanso kambirimbiri kuchokera tsiku limenelo, sindikudziwa kuti ndimafuna kuona chiyani, ndipo nthawi zonse zimachitika chimodzimodzi.

Anthu amanditonthoza kuti matenda amenewa ndi ovuta, mwina adada akanamwalirabe ngakhale galimoto ikanafika msanga. Mwina n'zoona. Sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa mpaka kufa kwanga. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinauzidwa chochita ndipo ndinakana chifukwa cha matama. Zimandiwawa tsiku lililonse, ndipo sizikuchepa.

Amama sanandinenepo ngakhale liwu limodzi pa nkhani imeneyi. Bola akanandikalipira. Koma tikamva kuti kukubwera mlendo, amamanga chitenje, n'kutenga ndodo yawo, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pamphambano ya kutchalitchi kukamudikira. Njinga ili pakhonde, ine ndili pompo, koma sanditumanso.