Inano Sarpin ndi Zikhomo Zofiira

Dzina lake lobadwa nalo ndi Weduri, koma kuno ku Wawolaa linaiwalika tsiku limene anabereka mwana woyamba. Tonse timangoti Inano Sarpin, ndiye kuti mayi wa Sarpin, poti kuno mayi timati Ina. Nyumba yake ndi yanga zinayang'anizana, ndipo kwa zaka makumi atatu takhala tikupondera sagu, ufa wochokera mu mtima wa mtengo, pa chithaphwi chimodzi.

Chuma chake aliyense ankachidziwa: mitengo ya sagu kudambo la kumunsi kwa mudzi, imene anabzala agogo ake, kamunda ka tsabola wakuda kuseri kwa nyumba, ndi njati yoweta imodzi yomwe inali itasiya kubereka. Pepala la malowo analibe. Nanga analinalo ndani? Malire a dambo anali mtengo wa duriani ndi mwala wong'ambika. Kumtunda kwa mwalawo kunali kwa mlongo wake wamng'ono, Lasiama, kumunsi kwake kwa iye.

Anakwatiwa ali mtsikana ndi Lamaeko, munthu wosayankhulayankhula amene ankakhala milungu m'nkhalango kudula rotani wolukira mipando. Ana anabereka asanu, anakula awiri. Sarpin anapita kumigodi ya ku Morowali, ndipo Nurmin anakwatiwa ku Kendari, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja.

Kuchoka kuno kukaponda tala ndi tsiku lathunthu pa njinga yamoto, dzuwa likakhala kuti lawala mlungu wonse. Mvula ikagwa ndi masiku awiri, theka lake mukukankha. Inano Sarpin anali asanapitirirepo msika wa pamlatho.

Nurmin atachira mwana woyamba, mayi ake anamanga sagu m'masamba, nakwera njinga ya Haludin, bambo amene amatinyamulira katundu. Madzulo ndinangoona akubwerera, matope mpaka m'makutu. Mtsinje unali utakokolola mlatho. Sagu uja tinadya tokha.

Chaka chotsatira Lamaeko anagwa pakhomo, nafa ziwalo mbali imodzi. Zaka zinayi Inano Sarpin anamusambitsa, kumutembenuza, kumudyetsa sinonggi wofewa, phala la sagu, ndi supuni, ntchito yakudambo osaisiya. Sagu safuna munthu wotopa. Ugwetse mtengo, uung'ambe, usinje mtima wake, upondeponde m'madzi mpaka ufa udikhe pansi. Maondo ake anathera pamenepo.

Titaika Lamaeko ndinamuuza kuti, "Basitu, tsopano pitani mukaone adzukulu. Wakugwirani mwendo ndani?"

"Ndipume kaye," anatero.

Asanapume, kunabwera anthu a kampani ya mgodi ndi zipewa zawo zachikasu. Anayenda m'mapiri milungu iwiri, ndipo pochoka anasiya zikhomo zopaka utoto wofiira. Chimodzi tinachipeza chitakhomedwa kumunsi kwa mwala wong'ambika, pakati penipeni pa mitengo ya Inano Sarpin.

Anachizula, napita nacho kwa Lasiama. Ine ndinali pambuyo pake. Tinamupeza pakhonde akupukuta njinga yamoto yatsopano.

"Lasiama, ichi n'chiyani?"

"Chikhomo, achemwali. Maso ayamba kuvuta?"

"Usandiyankhe ngati mnzako wa ku gule wa lulo. Wagulitsa?"

"Ndagulitsa kwanga. Kwanu sindinakhudzeko."

"Nanga chinayenda chokha kudzafika kwanga?"

"Iwo amayeza ndi makina, ife timayeza ndi mwala. Ndimakangana nawo bwanji? Ndiponso mukuutetezeranji sagu? Ana anu amadya mpunga wam'thumba."

"Iwe unakulira chiyani?"

Lasiama anangowerama n'kupitiriza kupukuta.

Kuyambira tsiku limenelo Inano Sarpin sanafunenso kuchoka. Ankati dambo lopanda mwini woimapo limasanduka la aliyense. M'mawa uliwonse ankatsika kukazungulira malire, akapeza chikhomo n'kuzula. Anazula zinayi. Anaziika pansi pa nyumba, poti zathu n'zomangidwa pamwamba pa mizati, nkhuku n'kumagonapo.

Foni kuno imagwira pachulu cha kuseri kwa sukulu pokha. Tsiku lina ndinamuperekeza, ndipo mawu a Nurmin ndinkawamva bwinobwino.

"Ina, mdzukulu wanu wamkulu wayamba sukulu, simunamuonepo. Mukufuna mudzabwere pa ukwati wake?"

"Nanga dambo ndisiyire ndani?"

"Bwerani, bambo a ana akuperekezani kwa oona za malo, mukatenge pepala. Kuzula zikhomo sikuthandiza, Ina. Akampaniwo ali nazo zambiri."

Mawu amenewo ndi amene anamudzutsa. Anandisiyira njati ndi nkhuku, nakweranso njinga ya Haludin. Haludin akuti njira yonse mayiyo anamugwira malaya mwamphamvu mpaka mabatani awiri anaduka, ndipo atafika pa tala anafunsa ngati njinga yazima, poti sinkagwedezekanso.

Anakhalako masiku khumi ndi limodzi. Atabwera ndinamufunsa za nyanja.

"Madzi ochuluka chonchija, osatheka kupondera sagu," anatero. "Koma adzukulu ndawaona. Wamng'onoyo ankandiopa. Ankati ndikununkha utsi."

"Nanga pepala?"

Anakhala pansi, natambasula miyendo.

"Kwa oona za malo kuja anandilandira bwino, mpando anandipatsa. Mnyamata wake anatsegula mapu pa galasi, nati ndiloze kwathu. Ndinayang'ana, kobiriwira kokhakokha. Akuti pa mapu awo kuno kulibe mudzi, ndi nkhalango. Ndinati, mwana wanga, ana atatu ndi mwamuna ndinawaika m'nkhalango imeneyo. Anati pepani Ina, mubwere ndi makalata akumudzi, mboni ziwiri, ndi munthu woyeza. Woyezayo adzadzera pati?"

Zakudambo sindinathe kumuuza. Ndinangoti tiyeni.

Masiku amene iye kunalibe, zimakina zokumba zinatsika phiri, zinalambula msewu kudutsa kwa Lasiama, n'kudya ndi mitengo khumi ndi iwiri ya Inano Sarpin. Ine ndinaimapo, ndinakuwa, koma woyendetsa anali ndi zotsekera m'makutu. Mwala wong'ambika anaukankhira m'ngalande. Mvula itagwa, dothi lofiira linatsikira m'dambo lonse.

Inano Sarpin sanalire. Anatunga madzi m'manja, nawayang'ana, nawataya.

Akuluakulu a mwambo anawaitana iye ndi Lasiama, naika kalosara pamphasa pakati pawo. Nkhata ya rotani imeneyo ikaikidwa, munthu sukana chiyanjano. Lasiama anapepesa, napereka nsalu yoyera. Mlongo wake anailandira, namugwira dzanja. Pobwerera anandiuza kuti, "Ndamukhululukira, ndi mwana wa mayi anga. Koma nsalu siphuka."

Mitengo yotsala ilipo, kungoti ndi madzi akewo sagu amatuluka wofiirira, wokhala ndi mchenga m'mano. Pamsika samugula. Masiku ano tikasinja timasenza mpaka kukasupe wa kuseri kwa manda, ulendo wa ola lathunthu. Iye amapumira katatu panjira. Njati anaigulitsa chifukwa analibenso mphamvu yoikokera kubusa.

Msewu wa kampani uja ndi wosalala, wothira miyala, ndipo akuti maola atatu okha munthu wafika pa tala. Koma uli ndi chipata ndi alonda, ndipo ndi wa malole awo. Ife tidakali pa wathu wamatope.

Mwezi watha Sarpin anabwera, koyamba m'zaka zisanu. Anadzera msewu watsopanowo, pa galimoto ya mnzake wogwira ntchito komweko. Wanenepa, ndipo anabweretsera mayi ake thumba la mpunga ndi mankhwala opaka m'maondo. Ndinali pakhonde pawo akuyankhula.

"Ina, galimoto ikubwerera mawa. Pachipata ndayankhula nawo kale. Tiyeni mukakhale kwa Nurmin, mwavutika mokwanira."

"Ndikakatani kumeneko? Kuyang'ana khoma?"

"Mukapume."

"Pali mitengo itatu yatsala pang'ono kuchita maluwa. Ikachita maluwa ufa watha."

"Ufa wake womwe sagulawo?"

"Ndimadya ine."

Sarpin anandiyang'ana kuti ndimuthandize, nanditchula monga ana amatchulira mnzawo wa mayi awo. "Naina, auzeni inu."

Ndinayang'ana kudambo. Nanenso ana anga amandiitana ku Unaaha chaka ndi chaka, koma sindipita.

M'mawa mwake galimoto inaimba belu kawiri kunsi kwa sukulu. Inano Sarpin anatuluka ndi kamtolo ka tsabola, nampatsa mwana wake kuti akapatse Nurmin. Anaima pamakwerero mpaka phokoso linazimirira. Kenako anandiitana.

"Lero kudambo pitani nokha. Ndigoneko pang'ono."

Ndinatenga nkhwangwa yake, poti yanga inali itaguluka mpini, n'kutsika ndekha.